Abuluzi pakhonde lotchinga ndi sefa: mafunso ndi mayankho

Anthu ambiri amatchinga khonde ndi waya wa sefa pofuna kuthana ndi udzudzu ndi ntchentche, kenako n'kudabwa kuti tizilombo tachepa ndithu koma abuluzi ndi analimata akuyendabe m'makoma. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwera kawirikawiri. Ngati nthawi yakuchepelani, werengani la kufufuza polowera, la chitseko ndi la magetsi, chifukwa nkhani yagona pamenepo.

N'chifukwa chiyani abuluzi amakonda khonde langa?

Amatsata chakudya. Timabuluzi ta pakhomo timadya udzudzu, ntchentche, agulugufe ausiku, akangaude ndi tiana ta mphemvu. Khonde limene limayaka getsi madzulo alionse limasonkhanitsa tizilomboti pamalo amodzi, ndipo nalimata amangokhala phee pambali pa babu n'kumatola kamodzikamodzi mpaka kukhuta.

China ndi kutentha. Thupi la buluzi silidzipangira lokha kutentha, amadalira dzuwa ndi malo ofunda. Khoma la njerwa ndi simenti yapansi zimasunga kutentha kwa masana mpaka usiku. Pakhonde lotchinga mbalame zomudya sizifikanso, ndipo kuseri kwa miphika ya maluwa kumakhala kachinyezi. Chakudya, pofunda, pobisala ndi madzi, zonse wazipeza pamodzi.

Kodi onse ndi amtundu umodzi?

Ayi, ndipo kudziwa amene muli naye kumakuuzani koyambira kufufuza. Wotuwa kapena woyererako, wa maso aakulu, woyenda usiku pakhoma ndi kusiling'i, ndi nalimata. Awiri ofala kwambiri m'nyumba za m'mayiko otentha ndi Hemidactylus mabouia, amene kwawo ndi ku Africa, ndi Hemidactylus frenatus wa kum'mwera kwa Asia. Onsewa anafalikira kumayiko ena atabisala m'katundu wa m'sitima zapamadzi. Nalimata amalowera paliponse, koma makamaka kumwamba.

Wosalala, wonyezimira, wa timiyendo tifupitifupi, amene amawothera dzuwa masana n'kuthawira pansi pa zinthu mukamuyandikira, nthawi zambiri amalowera pansi pa chitseko kapena m'ming'alu ya m'munsi mwa khoma.

Kodi amadutsa m'timabowo ta sefa?

Sefa yabwinobwino, ayi. Sefa wamba yotchingira udzudzu imakhala ndi timawaya 16 mpaka 18 pa inchi imodzi, kutanthauza kuti kabowo kalikonse kangopitirira pang'ono milimita imodzi. Ngakhale kamwana ka nalimata kongoswa kumene, mutu wake sungadutsepo.

Buluzi amalowera pamene sefa yathera: pansi pa chitseko, pakati pa felemu ndi khoma, pamene nsanamira yakumana ndi denga, pakona pamene sefa yasomphoka. Thupi lake ndi lopyapyala ndipo amatha kudziphwatalalitsa, moti mutu ukalowa thupi lonse limatsatira. Mpata wa mamilimita 6 ndi khomo lokwanira kwa wamkulu ndithu, ndipo tiana timadutsa pocheperapo. Choncho kugula sefa ya timabowo tating'ono kwambiri sikuthandiza pa nkhani ya abuluzi, kumangochepetsa mphepo yolowa.

Ndingapeze bwanji pamene akulowera?

Ntchito imeneyi ndi ya anthu awiri ndi tochi. Kukada, zimitsani magetsi onse a pakhonde ndi a m'nyumba. Mmodzi akhale mkati, wina atuluke ndi tochi yowala bwino n'kumaunika pang'onopang'ono m'mphepete monse mwa mafelemu, kuyambira pansi mpaka kudenga. Paliponse pamene wamkatiyo waona kuwala kukudutsa posakhala pa sefa, alembepo ndi choko kapena amatepo katepi. Musathamange. Mpata umene mukufunawo nthawi zambiri umakhala pamalo oti munthu ataimirira sangauone, ndiye gwadani, ndiponso kwerani pa makwerero.

Masana bwerezani ndi pensulo. Paliponse pamene pensulo yalowa, buluzi wamkulu alowanso. Kanikizani sefa ndi chala m'makona onse. Ikakhala kuti yatuluka m'kangalande kake, idzatseguka ngakhale kuti poyang'ana imaoneka yomata.

Malo amene anthu amaiwala kawirikawiri ndi awa. Ngati denga ndi la malata, mizere ya malatawo imasiya timipata pamwamba pa thabwa limene akhalirapo, kampata kamodzi pamzere uliwonse, ndipo analimata amadziwa bwino njira imeneyi. Ngati pansi ndi pa matabwa, pakati pa thabwa ndi thabwa pamakhala mpata. Palinso pamene padutsa waya wamagetsi kapena paipi, kuseri kwa choikamo babu, timabowo totulutsira madzi m'munsi mwa felemu, ndi khoma la nyumba yeniyeniyo, chifukwa buluzi akhoza kuchokera m'siling'i ya nyumba osati kunja.

Zitosi nazo zimalozera njira. Pamene zawunjikana, yang'anani m'mwamba molunjika: pamenepo ndi pamene amakhala kapena kudutsa.

Chitseko cha sefa ndichite nacho chiyani?

Pa makhonde ambiri chitseko ndiye polowera pachimake. Chimapangidwa chopepuka, chimalendewera pakapita nthawi, ndipo pansi pake amasiyapo mpata dala kuti chisamakhule.

Yambani ndi pansi. Pali labala kapena kaburashi kautali komangirira m'munsi mwa chitseko, kamene kamasesa pansi chitseko chikamatseguka. Kayezeni kuti kafike mbali zonse ziwiri, chifukwa kakapelewera ngakhale sentimita imodzi kumapeto, mpata wotsalawo ndi wokwanira. Ngati pansipo ndi pa mabampu, kaburashi kamagwira bwino kuposa labala, poti timaubweya take timalowa m'malo otsika. M'mbali ndi pamwamba matani labala wofewa wokhala ndi zomatira kumbuyo, kuti chitseko chikatsekedwa chizimukanikiza.

Kenako onani ngati chitseko chimatsekeka chokha. Sipuling'i kapena chotsekera champweya n'chofunika kwambiri pakhomo pamene pali ana, chifukwa chitseko chosiyidwa chotsegula kwa mphindi zochepa madzulo chimalowetsa tizilombo ndi owasaka omwe. Ngati chalendewera moti pakona yapamwamba pakuoneka mpata, mangitsani mahinjesi kaye musanamate chilichonse. Chitseko chotsetsereka chili ndi vuto lakelake: pamene zitseko ziwiri zimapitirirana pamakhala kaubweya kotchinga mpata, ndipo kameneka kamatha msanga osaoneka.

Nanga mipata inayo nditseke ndi chiyani?

Zimatengera kukula kwake. Ming'alu yaing'ono pakati pa felemu ndi khoma imatsekeka ndi silikoni wa panja. Pukutani fumbi kaye, pakhale pouma. Mpata woti chala n'kulowa, silikoni yekha amagwera mkati, ndiye yambani mwafwatikamo kachidutswa ka sefa kopindapinda kapena chingwe cha siponji, kenako silikoni pamwamba. Ming'alu ya m'khoma ikufunika matope a simenti. Pansi pa malata pali siponji wodulidwa motsatira mizere ya malata. Akasowa, sefa yodulidwa m'timizere n'kukhomerera pathabwa imagwira ntchito yomweyo. Ngati pansi ndi pa matabwa, khomerani sefa kunsi kwake konse.

Timabowo totulutsira madzi musatitseke ndi silikoni. Madzi a mvula akasowa kotulukira amaoletsa matabwa ndi kudyetsa zitsulo dzimbiri. Ingomatanipo kachigamba ka sefa kuti madzi azidutsa koma buluzi ayi.

Chenjezo limodzi: musatseke mng'alu umene mukuganiza kuti muli buluzi. Analimata amabisala masana, choncho ming'alu yawo ndi bwino kuitseka madzulo atatuluka kukasaka.

Sefa yang'ambika pang'ono. Ndiike chigamba kapena ndisinthe yonse?

Bowo limodzi laling'ono, chigamba n'chokwanira, bola chipitirire bowolo ndi masentimita 2 kapena 3 mbali zonse ndipo chisokedwe kapena kumatidwa kuzungulira konse. Koma ngati sefa ikuyoyoka mukaikhudza, dzuwa laimaliza ndipo mawa ing'ambika pena. Sefa ya fiberglass ndi yofewa, yosavuta kuika, koma zikhadabo za mphaka kapena galu zimaiboola. Ya aluminiyamu ndi yolimbirapo ngakhale ikapindika siwongoka bwino. Posintha sefa sinthaninso chingwe cha labala chimene chimaipanikiza m'kangalande ka felemu, poti chakalecho chimakhala chitauma ndi kufota.

Kodi magetsi ali ndi mbali yaikulu chonchi?

Inde, ndipo ndikuona kuti anthu amaipeputsa. Mukhoza kutseka mipata bwinobwino, koma ngati babu yowala mbee ikuyaka usiku wonse pafupi ndi chitseko, tizilombo tidzadzaza pa sefa, analimata adzabwera kudzadya pomwepo, ndipo tsiku lina chitseko chikatseguka mmodzi adzalowa.

Tizilombo touluka usiku timakopeka kwambiri ndi kuwala kwa ultraviolet, kumene maso a munthu sakuona, ndi kwa buluu. Kwachikasu tizilomboti sitikuona bwino. N'chifukwa chake machubu oyera ndi mababu owala mobiriwira amaitana tizilombo tochuluka, pamene babu ya LED yowala mofiirira, imene pa paketi yake palembedwa 2700K kapena kutsika apo, imaitana tochepa. Mababu achikasu opangidwira ntchito imeneyi aliponso. Sathamangitsa tizilombo, amangolephera kutiitana.

Malo a babu ndi ofunikanso ngati mtundu wake. Getsi lachitetezo lisakhale pamwamba pa chitseko. Liikeni pa mtengo kapena pakhoma lina mamita angapo kuchokera pakhonde, liziunika chakunyumba: tizilombo tidzasonkhana kumeneko, abuluzi n'kutitsatira komweko. Getsi loyaka lokha munthu akadutsa n'labwino koposa. Mawindo a nyumba oyang'ana pakhonde atsekeni makatani usiku. Ndipo nyale zabuluu zopsereza tizilombo zisakhale pakhonde kapena pafupi nalo, chifukwa ntchito yake yeniyeni ndi kuitana tizilombo.

Kodi abuluziwa ndi oopsa? Amaluma?

Timabuluzi ta pakhonde tilibe ululu. Abuluzi odziwika ndi ululu woopsa kwa munthu, monga Gila monster, ndi aakulu ndipo amapezeka kum'mwera chakumadzulo kwa United States ndi ku Mexico, sayenda m'makoma. Nalimata mukamufinya m'manja akhoza kuluma podziteteza, koma kawirikawiri sabooleza khungu. Zakuti khungu lake kapena mkodzo wake uli ndi poizoni si zoona.

Chenicheni choyenera kusamala nacho ndi majeremusi a Salmonella, amene zokwawa zambiri zimakhala nawo m'matumbo popanda izo kudwala, ndipo amatuluka ndi zitosi. Kwa munthu amayambitsa kutsegula m'mimba ndi kutentha thupi. Ana osakwana zaka 5, okalamba ndi amene chitetezo cha m'thupi chatsika ndi amene amadwala nawo kwambiri. Ngati pakhonde pamakwawa mwana kapena mumadyerapo, chimenechi n'chifukwa chomveka chofunira abuluzi kunja.

Zitosi zake ndizichotsa bwanji?

Muzizindikira mosavuta: kambulu kakuda kokhala ndi kadontho koyera kunsonga. Koyerako ndi mkodzo wake, umene umatuluka wouma. Zitosi za mbewa zilibe kadonthoka.

Musazisese zouma. Zinyowetseni kaye ndi madzi a sopo, pukutani ndi pepala, tayani, kenako tsukanipo. Pa simenti kapena matailosi mukhoza kuthirapo bulichi, muyezo 1 m'miyezo 9 ya madzi, n'kudikira mphindi 5. Bulichi musamusakanize ndi mankhwala ena otsukira, ndipo asakhudze mafelemu a aluminiyamu chifukwa amawadya. Mukamaliza sambani m'manja ndi sopo.

Walowa kale. Ndimutulutsa bwanji osamupweteka?

Njira yophweka ndi kumutsegulira chitseko n'kumulondolera ndi tsache lofewa, osamumenya, kungomutsekera njira kuti alowere chakukhomo. Akakhala pakhoma kapena pa sefa, tengani kontena yoonekera mkati, muyandikireni pang'onopang'ono chakumbuyo, muvundikireni, kenako lowetsani katoni yopyapyala pakati pa kontena ndi khoma. Chitani mofatsa kuti musamupane zala. M'mawa kwambiri kukuzizira ndi nthawi yabwino, poti thupi lake limakhala lisanafunde ndipo sathamanga kwenikweni. Kamusiyeni patchire kapena pa mulu wa miyala chakutali ndi chitseko.

Chonde musamusiye kuti adzatuluka yekha ngati mwatseka kale mipata. Khonde lotsekedwa bwino lilibe madzi ndipo tizilombo timakhala tochepa. Kabuluzi kotsekeredwa kamawonda, khungu n'kukwinyika, mpaka kufa ndi ludzu kuseri kwa mpando. Ngati wakuzembani, musiyireni madzi pang'ono m'kambale ndi nsalu yonyowa pakona. Nthawi zambiri mudzamupeza pansi pa nsaluyo.

Ndimati ndimugwire, mchira wake waduka. Afa?

Safa. Amaudula yekha podziteteza: mafupa a mchira ali ndi malo othyokera, ndipo mitsempha imatsekeka msanga moti magazi satuluka ambiri. Mchirawo umaphiriphitha kuti mdani atanganidwe nawo. Wina umamera pakapita milungu kapena miyezi, koma wopanda mafupa enieni. Amataya nawo mafuta amene anasungamo, ndiye musamugwire kumchira.

Ndamva za zigoba za mazira, adyo, anyezi ndi madzi a tsabola. Zimagwira?

Musazidalire. Fungo lamphamvu likhoza kusuntha buluzi pakona imodzi kwa kanthawi, koma pakhonde pamadutsa mphepo ndipo fungolo limatha msanga. Zigoba za mazira ndi anyezi wodula zikayamba kuola zimaitana nyerere ndi ntchentche, chimene ndi chakudya chake chomwe. Madzi a tsabola amalowa m'maso mwa ana ndi ziweto. Timibulu ta khofi wosakaniza ndi fodya, timene ena amalangiza, ndi poizoni: chikonga cha mu fodya chikhoza kudwalitsa kwambiri galu kapena mwana amene watola kambulu n'kuika m'kamwa.

Nanga timibulu toyera toika m'zovala, ndi timakina tolira tothamangitsa tizilombo?

Timibulu ta naphthalene tinapangidwira m'mabokosi otsekedwa a zovala, osati pamalo okhala anthu. Timaoneka ngati maswiti kwa mwana. Naphthalene amaphwanya maselo ofiira a magazi, makamaka mwa makanda ndi anthu obadwa ndi vuto la kuchepa kwa G6PD, chinthu cha m'thupi choteteza maselowa, ndipo amapweteka agalu ndi amphaka. Asapezeke pakhonde.

Timakina tolumikiza ku magetsi timene akuti timatulutsa phokoso losamveka kwa munthu, ndalama zake kuli bwino mugulire labala wa chitseko. Mu 2001 bungwe la boma loteteza ogula la Federal Trade Commission ku United States linachenjeza makampani oposa 60 opanga ndi ogulitsa timakinati kuti zimene amalonjeza ziyenera kukhala ndi umboni wa sayansi.

Bwanji ndingoika msampha wa ulimbo kapena kupopera mankhwala?

Msampha wa ulimbo ndi wankhanza. Buluzi amamatirira mimba, zala ndi chibwano, amalimbana mpaka khungu kusendeka, ndipo amafa pang'onopang'ono. Umagwiranso timbalame ndi achule. Mukapeza wamatirira, donthezani mafuta ophikira pang'ono pamene thupi lakhudza ulimbo, osafika kumphuno, dikirani, kenako mumatuleni mofatsa ndi kamtengo kokulunga thonje, n'kumupukuta mafutawo musanamumasule.

Mankhwala opopera tizilombo si a abuluzi. Akhoza kuchepetsa chakudya chawo kwa masiku ochepa, koma amagwera pamipando ndi pansi pamene mumakhala, ndipo tizilombo tina timabweranso getsi likangoyaka. Kupha buluzi mmodzi kumangosiyira malo wina amene anali kudikira kunja, ngati mpata udakali wotsegula. M'mayiko ena kupha abuluzi am'tchire n'kulakwira lamulo. Ku Britain lamulo la Wildlife and Countryside Act la 1981 limawateteza. Ndipo amene ali kunja kwa sefa akukugwirirani ntchito usiku wonse, kudya udzudzu umene ukanalowa.

Mphaka sangandithandize?

Agwira angapo, koma akhoza kudwala nawo. M'madera otentha abuluzi amatha kukhala ndi tinyongolotsi totchedwa Platynosomum, timene timakakhala m'chiwindi ndi m'njira za ndulu za mphaka amene wawadya. Komanso mphaka akaona nalimata pa sefa amalumphirapo ndi zikhadabo, n'kukutsegulirani bowo latsopano.

Kodi maluwa ndi zomera zapafupi ndichotse?

Osati zonse. Dulani nthambi ndi zoyanga zimene zikukhudza sefa kapena denga, pakhale danga pakati pa zomera ndi khonde. Milu ya nkhuni, njerwa ndi masamba ouma isunthireni kutali ndi khoma. Miphika ya maluwa ya mkati ikhoza kukhala, koma muzitaya madzi otsalira m'timbale ta pansi pake. Mphika uliwonse wochokera panja muziuyang'ana kunsi ndi m'masamba musanaulowetse, chimodzimodzi mipando yopinda ndi makatoni. Abuluzi ena salowera pa mpata, timawanyamula tokha.

Pali penti kapena chitsulo choterera chimene nalimata sangakwere?

Kusalala sikumuletsa; amayenda ngakhale pagalasi. Kunsi kwa zala zake kuli timaubweya tosaoneka ndi maso, zikwi mazanamazana, ndipo kalikonse kamagawikanso kunsonga m'tinthambi mazana. Timakhudza chinthu moyandikira kwambiri moti mphamvu yokokana ya pakati pa mamolekyu, yotchedwa van der Waals, imamugwira. Wasayansi Kellar Autumn ndi anzake anayeza mphamvu ya kaubweya kamodzi n'kufalitsa zotsatira zake m'magazini ya Nature mu 2000. Chinthu chimene analimata amalephera kumatirirapo ndi Teflon youma, pulasitiki yoterera imene amakutira mapoto osamatirira chakudya, koma palibe amene angakute nayo khonde lonse, ndipo analimata a m'nyumba ali ndi zikhadabo zogwirira paliponse pokhakhala. Pa sefa yeniyeniyo buluzi aliyense amakwera. Bwererani ku funso la kufufuza polowera.

Ndatseka ponse koma ndikuonabe tiana. Tikuchokera kuti?

Mwina tinaswera mkati momwemo. Nalimata wamkazi amaikira mazira awiri nthawi imodzi, oyera, a chigoba cholimba, aakulu pafupifupi sentimita imodzi, ndipo amaikira kangapo m'nyengo yotentha. Amawabisa kuseri kwa zithunzi za pakhoma, m'mabowo a mipando yachitsulo, m'choikamo babu, pansi pa miphika ndi m'makatoni. Akazi angapo amatha kuikira pamalo amodzi, ndiye mukhoza kupeza mulu wa mazira pamodzi ndi zigoba zakale. Amaswa pakatha mwezi ndi theka kapena miyezi iwiri, malinga ndi kutentha. Choncho tiana toyamba kuoneka mutatseka mipata si umboni woti mwalephera.

Mukapeza mazira osamatirira, anyamuleni mmene alili osawatembenuza, poti kutembenuza kumatha kupha kamwana kali mkati, n'kukawaika pamalo ouma, obisika, kunja. Akakhala omatirira pakhoma musawakanganule, amasweka. Avundikireni kakontena koboola timabowo tampweya, mumateko ndi tepi, n'kumayang'anamo tsiku lililonse kuti akaswa mutulutse tianato. Ngati patha miyezi itatu ndipo tiana tatsopano tikuonekabe, ndiye kuti mpata ulipo. Tenganinso tochi, ndipo ulendo uno yambirani kudenga.